Abambo asiya kumwa mapiritsi otsitsa mafuta a m'magazi, tichite bwanji?

Esinta wa ku Bangula: Abale anga, ndigawireniko nzeru. Abambo anga anadwala sitiroko chaka chatha, mwayi wake sinali yaikulu. Pakamwa panapotoka, dzanja lamanja linafooka, koma pano akuyenda okha ndipo khasu akugwira. Potuluka m'chipatala anawapatsa mankhwala a BP, aspirin, ndi ena olembedwa kuti atorvastatin, akuti otsitsa mafuta a m'magazi. Dzulo ndikufuna kuchapa jekete lawo ndapeza m'thumba timapaketi ta atorvastatin tosatsegula n'komwe. Nditawafunsa akuti anasiya kalekale chifukwa ankawaphwanya miyendo, komanso mnzawo wa pabawo anawauza kuti amawononga chiwindi. Akutinso munthu woonda chonchi mafutawo angawatenge kuti? Ine ndasowa chowayankha.

Zuze Kabaza: Achemwali, mdalayo sakunama. Kuchigwa kuno ndani ali ndi mafuta? Dzuwa la Okutobala lokha limatiumitsa. Amenewo ndi matenda a mabwana a ku Blantyre odya masoseji. Asiyeni apume.

Mayi a Tadala: A Zuze, musasocheretse anzanu. Ine mumandinyamula panjinga yanu popita kumsika pa Nchalo, munaonapo kuti ndine wonenepa? Komatu atandiyeza magazi kukiliniki ya shuga anapeza mafutawo ali okwera. Ndimamwa simvastatin usiku uliwonse pogona. Masabata oyambirira m'mimba munkadzaza mpweya, kenako zinasiya zokha.

Mateyu wa zachipatala: A Esinta, pepani ndi matendawo. Ndiyambe ndi za kuondazo, poti ndimazimva kawirikawiri kuntchito. Mafuta amene tikunenawa si aja a pamimba. Ndi kolesterolo, ndipo wambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, ngakhale munthu azingodya nsima ya mapira ndi chitambe. Thupi limamufuna ndithu. Vuto limadza mtundu wake wina wotchedwa LDL ukachuluka, chifukwa umalowa m'makoma a mitsempha ya magazi n'kumaunjikana mwakachetechete kwa zaka zambiri. Amene munalimako kusikimu mukudziwa momwe matope amadzazira ngalande mpaka madzi kumavutika kudutsa. Mumtsempha zimaposa pamenepo: pamene paunjikanapo pamatha kung'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka nthawi yomweyo. Zikachitikira kumtima munthu amangogwa atagwira pachifuwa. Zikachitikira kuubongo, ndiye sitiroko. Poti abambo anapatsidwanso aspirin, zikusonyeza kuti madokotala anaona kuti yawo inali ya kutsekeka kwa mtsempha, osati kuphulika.

Atorvastatin ndi simvastatin ali m'banja limodzi la ma statin. Amachepetsa kapangidwe ka kolesterolo m'chiwindi, ndiye chiwindicho chimayamba kukoka LDL amene ali m'magazi. Amathandizanso kuti pamene paunjikana kale pasang'ambike msanga. Mu 1994 kafukufuku wa kumayiko a Scandinavia pa anthu 4,444 odwala mtima anapeza kuti pakati pa omwa simvastatin imfa zinachepa ndi 30 pa 100, m'zaka zoposa 5. Kuyambira pamenepo pachitika akafukufuku ambiri, ndipo akawaphatikiza amasonyeza kuti LDL akatsika ndi 1 pa muyezo umene amalemba kulabu, chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima chimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5.

Chovuta ndi chakuti mankhwalawa akamagwira ntchito munthu samva chilichonse. Panado mutu umasiya, LA malungo amatha, koma awa phindu lake ndi sitiroko imene sinabwere. N'chifukwa chake anthu ambiri amawataya m'njira.

Lonjezo ku Joni: Achimwene a Mateyu, ndi ulemu wonse, manambala otere amakometseredwa ndi makampani ogulitsa mankhwala. "Chimatsika ndi gawo limodzi mwa 5" ndiye kuti chiyani kwa munthu mmodzi? Komanso bwanji simukunena za cerivastatin amene anachotsedwa pamsika anthu atafa? Kuno abwana anga anasiya kumwa, ali bwinobwino.

Mateyu wa zachipatala: A Lonjezo, pa cerivastatin simukunama. Anachotsedwadi mu 2001 anthu ena atamwalira chifukwa chowonongeka minofu, makamaka omwe ankamwa pamodzi ndi mankhwala ena otchedwa gemfibrozil. Koma simvastatin ndi atorvastatin amwedwa ndi anthu mamiliyoni kwa zaka zoposa 25, ndipo lero amapangidwa ndi makampani ambirimbiri, ochuluka a ku India, pamtengo wotsika.

Funso lanu la manambala ndalikonda, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Tingoyerekeza. Tili ndi anthu 100 amene anadwalapo kale sitiroko, ndipo tinene kuti 20 mwa iwo adzadwalanso m'zaka zikubwerazi. Onse akamamwa statin, odwalawo atha kukhala 16. Anthu 4 apulumuka kugona pamphasa osatha kudzitembenuza. Tsopano titenge anthu ena 100 athanzi, osasuta, opanda BP kapena shuga, amene mwina 5 okha ndiwo angadzadwale. Tikawamwetsa onse, tapulumutsa mmodzi. Mankhwala ndi omwewo, koma phindu limatengera kukula kwa chiopsezo cha munthuyo. Ndiye ine sindinganene kuti aliyense wa imvi azimwa. Abwana anuwo mwina ali m'gulu lachiwiri. Abambo a Esinta ali m'gulu loyamba, pamodzi ndi odwala mtima ndi odwala shuga amene afika zaka 40. Amenewa akasiya, ine tulo sindiona.

Aphunzitsi opuma a kwa Tengani: Chakudza sichiimba ng'oma, ana anga. Mnzanga amene tinaphunzitsa limodzi zaka zambiri anagwa akumanga mbuzi, ndipo wakhala chigonere mpaka lero. Kutentha kwathu kuno munthu wogona malo amodzi zilonda sizichedwa. Amene akuvutika kwambiri ndi mkazi wake.

Esinta wa ku Bangula: Ndamva, achimwene. Koma nanga miyendoyo? Abambo si munthu wodandaula wamba.

Sofiya wa kufamase: A Esinta, ndikufunseni kaye. Atasiya kumwa, ululuwo unatha? Ndipo pamawawa ndi pati kwenikweni, m'minofu kapena m'mawondo?

Esinta wa ku Bangula: Kutha sikunathe. Mpaka pano madzulo amaitana zidzukulu kuti ziwasisite. Ndawafunsa pompano, akuloza mawondo onse awiri ndi m'chiuno. Akuti akayenda mtunda wautali katumba wakumanzere amakoka, akaima pang'ono amasiya.

Sofiya wa kufamase: Mwaona? Ululu wochokera ku statin kawirikawiri umagwira minofu ikuluikulu mbali zonse ziwiri, ntchafu, mapewa, akatumba. Umayamba masabata kapena miyezi yoyambirira, ndipo munthu akasiya kumwa umachoka patapita masabata ochepa. Ngati miyezi yadutsa asakumwa koma akumvabe, n'zokayikitsa kuti olakwa ndi mapiritsiwo.

Pali kafukufuku wa ku London wa mu 2020 amene ndimakonda kuwafotokozera ogula mankhwala kwathu. Anatenga anthu 60 amene anasiya ma statin chifukwa cha zowawa m'thupi. Aliyense anamupatsa mabotolo 12, limodzi pamwezi. Mabotolo 4 munali atorvastatin weniweni, ena 4 munali mapiritsi ofanana nawo koma opanda mankhwala, ena 4 munalibe kanthu. Munthu sankadziwa ngati piritsi la mwezi umenewo ndi lenileni kapena ayi, ndipo tsiku lililonse ankalemba pafoni momwe akumvera. Miyezi ya botolo lopanda kanthu zowawa zinali zochepa. Koma miyezi ya mapiritsi opanda mankhwala aja, zowawa zinafika pafupifupi 90 pa 100 ya zomwe ankamva akamamwa enieni. Ataonetsedwa zotsatira zawo, theka la anthuwo anayambiranso kumwa.

Musawauze abambo kuti akunamizira, chonde. Ululuwo akuumvadi. Kungoti munthu wa msinkhu wawo, wolima kudimba, woyenda pamchenga wotentha, ali ndi zifukwa zambiri zomvera kuwawa, ndipo pakabwera piritsi latsopano mlandu wonse umagwera ilo.

Mateyu wa zachipatala: A Sofiya afotokoza bwino. Ndiwonjezere kuti alipo ndithu amene statin amawapwetekadi minofu. Kafukufuku wamkulu wa mu 2022 anapeza kuti ndi anthu pafupifupi 11 pa 1,000 m'chaka choyamba. Oterowo sitiwakakamiza. Timaimitsa kwa masabata angapo, timaona ngati zasintha, kenako timayesa mlingo wochepa kapena mtundu wina. Ambiri amapeza owayanja.

Koma a Esinta, zimene mwanena za katumba wokoka poyenda n'kusiya akapuma zandikhudza. Sindingayeze munthu pafoni, komabe chimenecho nthawi zina chimakhala chizindikiro chakuti mitsempha ya m'mwendo nayonso yachepa njira. Ngati zili choncho, ndiye kuti matenda amene atorvastatin amalimbana nawo ndiwo akuwapweteka. Pitani nawo kukiliniki, mukanene zimenezi mwatchutchu, akawagwire kugunda kwa magazi kumapazi. Ngati amasuta chingambwe, asiye. Ndipo mukanene zoona kuti mapiritsi anasiya, musakabise poopa kukalipiridwa.

Jowawo: Adokotala, pepani ndalowerera. Mnzanga amene timadula naye nzimbe amamwa mankhwala omwewa. Kuyambira dzana akuti thupi lonse likuwawa, akulephera kudzuka pampando osagwirira, ndipo mkodzo ukutuluka wakuda, mtundu wa tiyi wopanda mkaka, komanso wochepa. Iye akuti ndi dzuwa basi, mawa apita kuntchito.

Mateyu wa zachipatala: A Jowawo, asapite kuntchito. Apite kuchipatala lero lomwe, musadikire mawa. Piritsi la statin asamwe, azimwa madzi, ndipo asamwe brufen kapena diclofenac chifukwa amawonjezera mtolo ku impso. Atenge mankhwala onse amene akumwa akaonetse. Zizindikiro zimenezo zitha kutanthauza kuti minofu ikuswekera m'magazi, ndipo zimenezi zimatha kupha impso. Ndi vuto loopsa kwambiri la ma statin ngakhale limachitika mwa apo ndi apo. Komanso ntchito yakalavulagaga padzuwa loposa madigiri 40, munthu asakumwa madzi okwanira, payokha imatha kuchita zomwezo. Malungo aakulu nawonso amadetsa mkodzo, likodzo limaufiiritsa. Zonsezi n'zosiyanitsa achipatala atayeza, osati pakhomo.

Jowawo: Ndamva. Ndikupita kukamutenga pompano.

Zuze Kabaza: Ndiye mwaona? Ndimanena ine kuti ndi oopsa. Nanga za chiwindi zija mwazilumpha.

Mateyu wa zachipatala: Sindinazilumphe, a Zuze. Anthu ochepa akayezedwa magazi amapezeka kuti manambala a chiwindi akwera pang'ono, ndipo nthawi zambiri amatsika okha kapena tikachepetsa mlingo. Kuwonongeka kwenikweni kwa chiwindi chifukwa cha statin n'kosowa kwambiri. Ziwindi zimene ndimaona zitawonongeka kuno ndi za kachasu, za hepatitis B, ndi za likodzo la m'matumbo. Munthu womwa mowa kwambiri kapena amene ali kale ndi vuto la chiwindi anene asanayambe. Maso akayamba chikasu, asiye ndipo abwere msanga.

Mayi a Tadala: Ine langa ndi ili. Mwana wanga anawerenga kuti mankhwalawa amabweretsa shuga. Nanga ine wodwala kale shuga akundipatsiranji?

Mateyu wa zachipatala: Mayi, mwanayo wawerenga zoona koma mbali imodzi. Ma statin amakweza shuga pang'ono, ndipo amene anali kale m'malire amatha kuwolokera ku matendawo msanga. Ataphatikiza akafukufuku mu 2010 anapeza kuti pa anthu 255 omwa kwa zaka 4, mmodzi amapezeka ndi shuga chifukwa cha mankhwalawa. Koma chimene chimapha odwala shuga ambiri ndi mtima ndi sitiroko, poti shuga amawononga makoma a mitsempha. Kwa inu phindu ndi lalikulu kuposa kakukwera kameneko. Pitirizani, muziyezetsa shuga monga mwa nthawi zonse.

Mayi a Tadala: Zikomo. Vuto lina ndi kupezeka kwake. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 madzi anatenga zonse, kabuku ka kuchipatala ndi mapiritsi omwe, ndinakhala nthawi yaitali osamwa. Ngakhale pano nthawi zina ukapita amangoti atha, mukagule. Kuyeza mafutawo nakonso amati mukwere mtunda mupite ku Blantyre. Ndalama ya minibasi yokha kupita ndi kubwera ndi ya ndiwo za sabata.

Sofiya wa kufamase: Zimenezo zimandipweteka mtima, mayi, chifukwa simvastatin ali pamndandanda wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, wa mankhwala ofunika kupezeka paliponse, ndipo si odula powagula ambiri. Zikatero, dziwani izi. Mukadumphitsa masiku, thupi silichita kanthu mwadzidzidzi, koma mafutawo amakweranso pakapita masabata ochepa. Mukawapeza ingoyambiraninso, musamwe awiri kuti mubweze aja munaphonya. Simvastatin amagwira bwino usiku poti chiwindi chimapanga kolesterolo wambiri tikagona, pamene atorvastatin amakhalitsa m'thupi ndiye nthawi iliyonse ndi yabwino bola ikhale imodzimodzi. Musawasunge pawindo kapena kufupi ndi malata, kutentha kwa kwathu kumawononga mankhwala. Aja apezeka m'jekete, a Esinta, kawaonetseni kaye aone tsiku lake lothera ntchito. Ndipo jambulani pafoni tsamba la kabuku lolembedwa mankhwala anu, madzi akadzabweranso mudzakhale ndi poyambira.

Mateyu wa zachipatala: Pa zoyezazo, kwa munthu amene anadwala kale sitiroko kapena mtima, sitidikira zotsatira za kulabu kuti timuyambitse statin. Kusowa ndalama yokwerera mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre kusakhale chifukwa chosamwera.

Aphunzitsi opuma a kwa Tengani: Nanga zachilengedwe, ana anga? Ine m'mawa ndimamwa madzi a adyo ndi mandimu, ndiwo zanga ndi chammwamba. Sizingalowe m'malo mwa mapiritsi?

Sofiya wa kufamase: Agogo, chammwamba ndi ndiwo zabwino, pitirizani. Koma palibe umboni woti adyo kapena mandimu amaletsa sitiroko yachiwiri monga amachitira ma statin. Komansotu mankhwalawa anachokera m'chilengedwe momwemo. Katswiri wa ku Japan, Akira Endo, anafufuza mitundu ya chuku yoposa 6,000, ndipo mu 1973 anapeza statin woyamba m'chuku. Woyamba kuloledwa kugulitsidwa ku America anali lovastatin mu 1987. Kusiyana kwake n'kwakuti awa anayezedwa mlingo ndipo zovuta zake zikudziwika, pamene mabotolo oyenda nawo m'misika aja palibe akudziwa zili m'katimo.

Zakudya zimathandiza ndithu. Nandolo, khobwe, mtedza, chitowe, makakana ndi mlamba wowotcha, zonsezi tili nazo. Zochepetsa ndi mafuta a nyama, mang'ina, majarini, ndi zokazinga za pachiwaya pamene mafuta omwewo amabwerezedwa mpaka kuda. Mchere nawo, chifukwa cha BP.

Zuze Kabaza: Za pachiwaya zokhazo ndiye mwandilaula. Munthu wapalasa kuchokera pa Nchalo mpaka kwa Ngabu adye chitowe? Ine mapiritsi a moyo wonse sindinawamvetsebe.

Mlongo wanu: Pepani sinditchula dzina. Ine ndimamwa ma ARV, ndipo kukiliniki ya BP andilembera simvastatin. Kumeneko sindinanene za ma ARV chifukwa pamzere panali anthu a m'mudzi mwathu. Pali vuto?

Mateyu wa zachipatala: Achemwali, mwachita bwino kufunsa, ndipo musayambe kumwa musanamve izi. Zimatengera mtundu wa ma ARV. Ngati muli pa aja a dolutegravir, piritsi limodzi patsiku amene anthu ambiri ku Malawi anasinthidwira kuyambira 2019, sagundana ndi statin. Koma ngati muli pa aja okhala ndi ritonavir, monga atazanavir, lopinavir kapena darunavir, simvastatin ndi woletsedwa. Ritonavir amatseka njira imene chiwindi chimachotsera simvastatin, ndiye amaunjikana m'magazi mpaka kuswa minofu monga tanenera pa mnzawo wa a Jowawo. Pamenepo timasankha mtundu wina, pamlingo wochepa. Tengani mapiritsiwo mukawaonetse kukiliniki kumene mumalandira ma ARV, kumene akukudziwani kale. Kapena pemphani kulankhula ndi dokotala panokha, ndi ufulu wanu.

Musaope ma statin chifukwa cha zimenezi. Kafukufuku wa mu 2023 wotchedwa REPRIEVE, pa anthu oposa 7,700 amene ali ndi HIV, ena mwa iwo a kuno ku Africa, anapeza kuti statin wotchedwa pitavastatin anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 pa 100. Kachilomboka kamakulitsa chiopsezo cha matenda a mitsempha ngakhale munthu akumwa bwino mankhwala.

Sofiya wa kufamase: Si ma ARV okha. Simvastatin sayenda ndi erythromycin, clarithromycin kapena ketoconazole wakumwa, ndipo ndi fluconazole pamafunika kusamala. Amene amamwa amlodipine wa BP, simvastatin asapitirire 20 mg. Rifampicin wa TB amafooketsa ma statin. Manyumwa nawonso apeweni, makamaka madzi ake. Mayi a Tadala, taonani pa paketi yanu ngati muli pa amlodipine.

Mayi a Tadala: Ndaona, amlodipine alipo, simvastatin walembedwa 20. Ndiye zili bwino.

Chifundo wa ku Makhuwira: Ndawerenga zonse. Ine ndili ndi zaka 31. Abambo anga anamwalira ndi mtima asanafike 50, achimwene awonso chimodzimodzi. Nditayezetsa ku Blantyre anandipeza ndi LDL wokwera kwambiri, anandiyambitsa atorvastatin. Tsopano ine ndi amuna anga tikufuna mwana wachiwiri. Ndizimwabe?

Mateyu wa zachipatala: A Chifundo, kaonaneni ndi dokotala wanu musanasiye kulera. Kawirikawiri statin timamuimitsa mayi akamafuna kutenga pakati, nthawi yonse ya mimba, komanso akamayamwitsa, kenako amayambiranso. Ngati zitachitika kuti mwaima musanasiye kumwa, musadzidzimuke, ingosiyani n'kukanena kusikelo.

Mbiri ya kwanuyo ikumveka ngati ya mafuta okwera oyenda m'magazi a pamtundu, amene amapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 250. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense ali ndi mwayi theka wotengera, woonda ndi wonenepa yemwe. Auzeni alongo anu ndi ang'ono anu akayezetse, ndipo mukafunsenso dokotala za msinkhu woyenera kuyezera mwana wanu woyamba.